Digiri Yako, Wosankha Ndi Wina

Mnyamata wina polemba fomu ya NCHE anasankha udokotala ku KUHeS. Anzake atamufunsa chifukwa, anati: "Amayi anawauza kale anzawo a Mvano kuti pakhomo pathu patuluka dokotala." Chonsecho MSCE anakhoza ndi mapointi 24. Mayina atatuluka, lake linali ku Mzuni, maphunziro a uphunzitsi. Amayi aja sanagonje ayi. Mpaka lero amamutchula kuti adokotala, ndipo akapita kumudzi patchuthi anthu amam'bweretsera ana otentha thupi. Iye amamugwira mwanayo pachipumi, n'kufunsa ngati walemba homuweki.

Wina anatha zaka zinayi ku Bunda. Tsiku lofika kwawo anatapa dothi la m'munda, n'kulifikisa m'manja.

"Ababa, nthaka iyi tikaipimitse."

Mkulu uja anavula chipewa. "Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti uthawe khasu. Kani unapita kukaphunzira khasu lomwelo m'Chingerezi?"

Koma mu Novembala 2023, achinyamata atayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, mnyamatayo naye anakwera ndege. Panopa bambo ake sayamba bawo asanalengeze kuti mwana wawo ali kunja. Zoti kunjako akuthyola tomato, mukawafunsa amati ndi ulimi wamakono.

Za pa intaviyu ndiye musanene. Bwana anafunsa mtsikana wina ngati ali ndi luso la zaka zisanu monga analembera m'nyuzipepala.

"Ndili nalo, bwana. Ndatha zaka zisanu ndikufunafuna ntchito, ndipo sindinajombepo."

Ku Limbe kuli wina amene anaphunzira zowerengera ndalama ku Poly, isanasinthe dzina kukhala MUBAS mu 2021. Lero ali pansi pa ambulera, ndi ejenti wa Mpamba ndi Airtel Money. Ine sindimuseka, geni yake ikuyenda kuposa ya anzake ovala tayi. Kungoti mukamukumbutsa za ngongole ya ku yunivesite, amayang'ana foni n'kupukusa mutu: "Netiweki yavuta, akulu."

Ndiye pali amalume a ku Capital Hill, omwe amapezeka pamaliro pokha. Akaona mphwawo wadigiri akuwaza nkhuni amamukodola. "Iwe ukadali pakhomo? Tanditumizira CV pa WhatsApp, Lolemba lomweli ndiyankhula ndi munthu."

Mwana amatumiza usiku womwewo. Pamaliro otsatira amalume amamukodolanso: "Paja unaphunzira chiyani iwe?"