Kaundula wa Ndalama za Diso Limodzi: Maramba, Okutobala 2024

Nsomba ziwiri, thanki yagalasi ya malita 120, pampu ndi nyali: K0. Abwana a bambo a ana anatisiyira pobwerera kwawo. Ndi tinsomba tachikasu cha lalanje, ta mizere yoyera, timene ana amatitcha Nemo. Kwawo kwa tinsombati ndi kunyanja ya mchere. Ife tili ndi Zambezi yense kuseri kwa nyumba, koma madzi ake tinsombati sitiwafuna.

Diso lamanzere la kansomba kakang'ono: K0. Latong'oka lokha ngati nzama.

Bandulo ya intaneti: K50. Bambo a ana awerenga mpaka tambala woyamba. Akuti funso lalikulu ndi loti latupa diso limodzi kapena onse awiri. Likakhala limodzi, kawirikawiri nsomba yadzigunda pamwala kapena yamenyedwa ndi inzake. Akatupa onse awiri, ganizirani madzi oipa, mabakiteriya m'thupi, kapenanso timathovu ta mpweya tomwe tadzaza m'madzi n'kulowa kuseri kwa diso. Ndawauza kuti ndi limodzi. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga, kwaulere.

Timabotolo toyezera madzi: K480. Kutumiza pa basi kuchokera ku Lusaka: K100. Amoniya ayenera kukhala pa ziro, nitrite nayenso pa ziro. Athu anapezeka kuti akwera pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti mwana wachisamba amadyetsa nsomba akamapita kusukulu, mng'ono wake akamaweruka, agogo awo nthawi iliyonse akazimvera chisoni. Chakudya chotsala chimaola pansi.

Mchere wa kumsika wa Maramba: K15. Anagula apongozi atamva kuti tikusowa mchere. Suyenera. Ndausamutsira ku kaundula wa kukhitchini.

Mchere woyenera: K900. Wachokera ku Johannesburg, walipira msonkho, wawoloka malire. Uwu ndi wosakaniza ndi zina zonse zimene zimapezeka m'madzi a m'nyanja, ndipo pa lita imodzi pamalowa magalamu pafupifupi 35. Tikasintha malita 30, kilogalamu yathunthu yapita. Madzi akalewo timataya kutali ndi dimba la chibwabwa, chifukwa amaumitsa.

Mankhwala ochotsa klorini m'madzi a pampopi: K120. Madzi omwewo ife timamwa osachotsa kanthu.

Chipatala: K85. Wodwala amafuna chipinda chakechake, kuti asamathamangitsidwe ndiponso kuti mankhwala asalowe m'thanki yaikulu. Chipindacho ndi chidebe changa cha malita 20 chochapira. K85 ndi ya chidebe china.

Epsom salt wa kufamasi: K45. Supuni yaikulu imodzi pa chidebe chonsecho, akuti amathandiza kuphwetsa chotupa. Wogulitsa anafunsa zaka za wodwala. Bambo a ana anayankha kuti sakudziwa bwino, ndi wobwera.

Makapisozi: K0. Mayi oyandikana nawo anabweretsa otsala a chifuwa cha amuna awo. Ndathokoza, ndawabweza. Mankhwala opha mabakiteriya, monga kanamycin, amaperekedwa diso likayera mtambo, likafika lachiwiri, kapena nsomba ikaleka kudya, ndipo amathiridwa m'chidebe mokha. M'thanki yaikulu angaphe mabakiteriya abwino amene amadya amoniya, ndiye tingabwerere pa K900.

Petulo wa jenereta ya alamu: K650, pangongole. Chilala chachepetsa madzi ku Kariba, magetsi akubwera pakati pa usiku, moni n'kutsanzika nthawi imodzi. Pampu ikaima, mpweya m'madzi umatha. Firiji siinalumikizidwe ku jenereta, akuti chingwe n'chimodzi. Nyama yomwe inalimo tinaidya yonse Lachitatu, mwakhama.

Madzi oundana: K60. Nsombazi zimafuna madigiri 24 mpaka 27, pamene Okutobala wa kuno amapitirira 35 masana. Timayandamitsa botolo lotseka bwino. Lotsegula lingasungunule mchere wa K900 uja.

Wopalamula: K0. Mwala wosongoka tauchotsa, koma ine ndikukayikira inzakeyo. Mwa mtundu umenewu yaikazi ndiyo yaikulu ndipo ndiyo imalamula. Ndinaiona ikupanikizira mwamuna wake pakona. Bambo a ana ati nkhani imeneyo tisaitalikitse.

Ndiwo za anthu Loweruka: kapenta wa K40. Maso ake onse ali bwinobwino. Sindinawerengere pansipa.

Zonse pamodzi, kuchotsapo mchere wa apongozi: K2,490. Thumba la ufa la makilogalamu 25 ndinagula pa K340. Diso limenelo ndi matumba asanu ndi awiri, n'kutsala chenji ya makala.

Kutupa kwaphwa pang'onopang'ono, kansomba kakudya, koma kakuzungulira chakumanja kokha. Alamu abwera dzulo kudzakumbutsa za petulo. Ati kakafa tiwapatse, achotsereko pangongole. Ndi kotalika masentimita 7.