Katswiri wa Zoopsa za Maiko Amene Sadapiteko

Ine pasipoti ndilibe, koma podziwa maiko oopsa palibe wondiposa m'dera lathu lino. Mungonditchulira dzina la mzinda, ndikuuzani pompo ngati kumeneko amaba ndi mpeni, ndi mfuti kapena ndi mankhwala. Ku Brazil amakulanda foni usadamalize kunena kuti halo. Ku Mexico umakwera takisi osatsikanso. Za ku Joni ndiye musandipute, tingagone pano. Maphunziro onsewa ndidachitira pabenchi ya pabawo, kwa aphunzitsi amene nawonso adamva kwa mlamu wa munthu wina. Kutali kumene ndidafikako ndi pachipata cha Mwanza, ndipo ndinkangoperekeza katundu wa eni ake.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti m'kalasi imeneyi sindili ndekha. Anthu okwera ndege, olemba nyuzi zikuluzikulu za ku Ulaya ndi ku America, nawonso ali ndi benchi yawo. Imadzaza timu yawo ikati ikasewere kunja.

Takumbukirani chaka cha 2010. Pa 8 Januwale, basi ya timu ya Togo itangolowa m'chigawo cha Cabinda ku Angola kuchokera ku Congo, zigawenga zofuna kuti chigawocho chidziimire pachokha zidaiwombera. Anthu ena adafa, ndipo Emmanuel Adebayor ndi anzake adabwerera kwawo ndi maliro, mpira osaugunda n'komwe. Pamenepo palibe choseketsa. Nthabwala zidayamba m'mawa mwake, pamene akatswiri anzanga a ku Ulaya adayamba kufunsa ngati kuli koyenera kuti World Cup ichitikebe ku South Africa mu Juni. Kuchoka ku Cabinda kukafika ku Johannesburg ndi mtunda woposa makilomita 2,000, koma kwa iwo Africa yonse ndi mudzi umodzi: mfuti ikalira kwa amfumu, ndiye kuti nkhuku za mudzi wonse zathawa. Adaiwala kufunsa kumene ndege idathamangira ndi goloboyi wa Togo, Kodjovi Obilalé, amene adavulala kwambiri. Idapita naye ku Johannesburg komweko, ndipo madokotala a mzinda woopsawo ndiwo adapulumutsa moyo wake.

Inenso sindidagone. Ndidalengeza pabawo kuti boma litumize ndege ikatenge anyamata athu a Flames asadaphedwe. Patangopita masiku atatu, pa 11 Januwale, anyamata a Kinnah Phiri adalowa m'bwalo ku Luanda n'kuikwapula Algeria 3-0. Chigoli chachitatu chikulowa n'kuti ine ndili pamwamba pa tebulo, ndikuuza anthu kuti Angola ndi dziko lamtendere, ndipo ndakhala ndikunena. Ukatswiri umafuna munthu wofewa m'chiuno potembenuka.

Koma anzanga a ku Britain adandiposa, chifukwa iwo mantha adawasandutsa malonda. Kampani ina kumeneko idayamba kutsatsa malaya osalowa mpeni kwa masapota opita ku World Cup, ndipo ukafuna ankakuikirapo mbendera ya dziko lako, kuti wokubayayo adziwe kuti akulephera kubaya nzika ya kuti. Akuluakulu a mpira ku South Africa adakwiya. Ine ndidakwiya koposa, chifukwa nzeruyo idandidutsa chonsecho telala ndili naye pafupi.

Alendo oposa 300,000 adapita, adaimba mavuvuzela, nabwerera kwawo makutu ali ngwee. Timu ya England idapatsidwa alonda ochuluka. Komabe pa 18 Juni ku Cape Town, atalepherana 0-0 ndi Algeria, munthu wina wosadziwika adatulukira m'chipinda chawo chosinthira zovala. Sadali tsotsi wa ku Khayelitsha ayi. Adali sapota wawo yemwe, wochokera kwawo komwe, amene adati ankafunafuna chimbudzi, ndipo atapeza David Beckham m'malo mwa chimbudzicho adaganiza zomuuza kuti timu yawachititsa manyazi. Malaya osalowa mawu palibe adakumbuka kusoka. Ndikumbutsenso kuti Algeria yomwe idaivuta England ndi yomwe ija ife tidaithira zitatu. Masamu ake muchite nokha, ine ndidachita kale ndipo ndimawanena pamaliro paliponse.

Mzanga wina wowotcha chiwaya adakhalako ku Joni, ndipo ndi munthu yekhayo pabenchi yathu amene amandisokonezera ntchito ndi zinthu zimene adaziona ndi maso. Nditamaliza kuseka azungu tsiku lina, iye adati, "Achimwene, musaseke kwambiri. Umbanda kuja uliko ndithu. Koma tafunsani kuti umagwa pa yani."

Akunena zoona, ngakhale sindidamuuze. Mpikisano usadayambe n'komwe, atolankhani a ku Portugal ndi Spain adaberedwa ndi anthu amfuti kumalo ogona ku Magaliesburg. Boma lidali litakhazikitsa makhothi apadera a World Cup, ndipo sabata isadathe akubawo adali atagwidwa, ataweruzidwa, awiri atapatsidwa zaka 15. Mlendo akaberedwa chilungamo chimathamanga. Koma mu Okutobala 2014, Senzo Meyiwa, goloboyi komanso kaputeni wa Bafana Bafana, adawomberedwa m'nyumba ku Vosloorus, m'dziko lake lomwe, ndipo mlandu wake udatenga zaka zambirimbiri uli m'njira. Wosewera wachilendo amatsika ndege n'kukwera basi yoziziritsa, kutsogolo njinga zamoto za apolisi zikuliza masailini, kumbuyo galimoto ya asilikali. Amene amayenda yekha mumdima ndi mayi wogulitsa nyama yowotcha kunja kwa bwalo, ndi m'bale wathu wotchetcha kapinga amene amabisa malipiro ake mu sokosi pobwerera kumene akukhala. Wofuula kuti akuopa ndi wa m'basi uja. Wa sokosi palibe amamufunsa.

Ubwino wa mbiri yoipa ndi wakuti imabisa munthu. Apa ndiyankhule monga mkulu pantchito. Ife amene malipiro amatithera pamalo a chisangalalo tisadafike kunyumba timadziwa kuti bodza labwino umalimangira pamene anthu amapaopa kale. Sungauze mayi a kunyumba kuti akulanda pakhomo pa tchalitchi masana. Umatchula kamlatho kaja kamene aliyense amakadziwa, umang'amba pang'ono thumba la malaya, n'kulowa m'nyumba ukupuma mwabefu.

Mnyamata wina wa ku America, katswiri wosambira Ryan Lochte, adayesa luso limeneli pa Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu Ogasiti 2016. Adauza dziko lonse kuti anthu odzitcha apolisi adaimitsa takisi yawo n'kumuloza mfuti pamphumi. Aliyense adakhulupirira, poti ndi ku Rio. Ine pabawo ndidawonjezerako kuti achifwambawo adali khumi. Kenaka apolisi adatulutsa zithunzi za makamera. Zidapezeka kuti iye ndi anzake atatu, akuchokera kuphwando atakhuta, adaima pomwetsera mafuta, adataya madzi pamalo osayenera, adaononga chikwangwani, ndipo alonda amfuti a pamalopo adawauza kuti alipire. Mfuti idalipo, koma nkhani idali ina. Adamuimitsa kusambira miyezi 10, makampani omuthandiza monga Speedo namuthawa. Akadandifunsa ndikadamulangiza kwaulere: mwana iwe, pamene pali kamera sanamizirapo achifwamba. Ngakhale kwathu kopanda kamera, mayi a kunyumba adangondinunkhiza kamodzi n'kufunsa kuti, "Bambo, achifwambawo amayamba akumwetsani kaye masese asadakulandeni?"

Mu Sepitembala 2024 a mpira wa ku America, uja amasewera ndi manja atavala zisoti, adapititsa masewero awo ku São Paulo. Wosewera wina wa timu ya Philadelphia, Darius Slay, adanena poyera kuti sakufuna kupita ku Brazil, ndipo adauza abale ake kuti asamutsatire chifukwa cha umbanda. Anthu a ku Brazil sadachedwe kumukumbutsa za mfuti zimene zimalira mumzinda wa timu yake yomwe. Adapepesa, adapita, adasewera, timu yake idapambana, nabwerera ndi ziwalo zonse. Akuluakulu adati anyani amasekana zikundu.

Nanga kumaiko kumene benchi yathu imati ndi kumwamba? Raheem Sterling adali ku Qatar ndi timu ya England mu Disembala 2022, akugona mwamtendere. Adasiya masewero a Senegal n'kukwera ndege chifukwa mbava zidathyola nyumba yake ku Surrey, ku England kwenikweniko. Pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, mphunzitsi wa Argentina, Javier Mascherano, adadandaula kuti akuba adalowa kumalo awo okonzekera n'kutenga wotchi ndi mphete za Thiago Almada. Zico, katswiri wakale wa Brazil, adaberedwa chikwama mumzinda wa Paris momwemo. Taganizani, munthu wobadwira ku Rio, kukaberedwa ku Paris! Sindidamve wina akusoka malaya apadera opitira ku France, kapena kufunsa ngati Ulaya yense ali wokonzeka kulandira alendo. Kuba kwa ku Paris amati ndi tsoka la munthu mmodzi. Kwa ku Rio kapena ku Johannesburg amati ndi khalidwe la mtundu wonse.

N'chifukwa chake ndikudikira 2030 ndi chidwi. World Cup ya chaka chimenecho idzachitikira makamaka ku Spain, Portugal ndi Morocco. Pakati pa Spain ndi Morocco pali kanyanja kopapatiza, makilomita 14 okha pamene payandikana kwambiri. Ndidabetcha ndi mlamu wanga kuti machenjezo onse a "musayende usiku, musavale wotchi, musadye za mumsewu" adzagwera tsidya limodzi lokha, ndipo tonse tikulidziwa. Ine ndidaika tambala wanga wofiira, iye adaika mawu.

Vuto ndi lakuti tambalayo wasowa usiku wa Loweruka, m'khola la kuseri kwa nyumba yanga, galu ali gone. Mlamu wanga wabwera kudzandipepesa Lamulungu masana, ndipo wanditsimikizira kuti ndi anthu obwera amenewa, aja achita lendi kumtunda kwa mjigo, chifukwa kwawoko n'ngakuba onse. Ndamufunsa ngati kwawoko adafikako. Wati ayi, koma zimadziwika. Amayankhula uku akutokosa m'mano.