Bwana wathu wa zaka ziwiri

Patha miyezi itatu chisamukireni kuchoka ku Cuamba kubwera kuno ku Entre Lagos, m'boma la Mecanhelas, ndipo amene wazolowera kale ndi mnyamata wathu wa zaka ziwiri. Ine dzina langa palibe akulidziwa. Pamsika ndine "bambo ake a kamwana kodana ndi kabudula kaja."

Akangomva sitima ya malasha yochokera ku Moatize yadutsa pa Nayuchi kulowera ku Nacala, phala amalisiya pomwepo, n'kuthamangira panja ali chibadwire kukabayibitsa mabogi, lililonse palokha. Mabogiwo satha msanga. Pobwerako phala lazizira, ntchentche zadya kale gawo lawo.

Matemba a m'nyanja ya Chilwa kunyumba amalavula. Kwa agogo oyandikana nafe, matemba omwewo amamaliza mbale mpaka kunyambita zala. Dzulo agogowo anabwera naye kumsana, anakhala pakhonde, n'kufunsa mayi ake mwaulemu wonse: "Mwananga, kodi kuno moto mumasonkha?"

"Timasonkha, agogo."

Mwiniwake anangosuzumira m'chitenje, msuzi uli m'masaya, n'kutiyang'ana ngati anthu amene anawaonapo penapake.