Ulemu kwa Woperekeza wa ku Foresthill

Pa anthu onse amene amakhetsa thukuta pa mpikisano wa Western States ku California, wamkulu ndi uja wosawerengedwa: woperekeza. Mpikisanowu umachitika kumapeto kwa Juni, makilomita 161 kuchokera ku Olympic Valley, kudutsa mapiri a Sierra Nevada, mpaka ku Auburn. Wofika maola 24 asanakwane amalandira chitsulo cha lamba chasiliva, wofika maola 30 asanakwane chamkuwa. Woperekeza amalandira matuza.

Munthu wotere sapezeka wamba. Maere akachitika mu Disembala, wamwayi amene walowa m'gulu la othamanga 369 amayamba kuimba mafoni, mawu ali okoma. Apa m'pamene abwenzi amakumbukira kuti bondo likuwawa, ena kuti mlamu wawo akukwatira tsiku lomwelo. Wothamangayo akalemba pa Facebook, amatulukira mlendo wosamudziwa n'komwe, wokonzeka kulipira yekha ulendo kuti akazunzike. Wodala mayi amene anabala munthu ameneyu!

Tamuonani ali chilili ku Foresthill, pa kilomita pafupifupi 100, pomwe malamulo amamulola kuyamba. Mnzake wansangala wa m'mawa uja anatsala m'zigwa zotentha. Iye amalandira makoko ake, munthu wonunkha, wosanza, wokalipa ndi mwala womwe. Usiku wonse tochi ili pamphumi, pakamwa pali bodza lopatulika: “Mukuoneka bwino achimwene, tatsala pang'ono.” Pa Rucky Chucky amawoloka mtsinje wozizira wa American River atagwira chingwe, mano ali gwegwegwe, chonsecho mpikisano si wake. Ndipo taonani nzeru za olemba malamulo: n'koletsedwa kumunyamulira wothamanga madzi kapena chakudya. Motero woperekeza sangadzitame n'komwe kuti anali mtengatenga. Kuvutika kwake n'koyera, kopanda chotupitsa.

Tisaiwale a pamsewu, akazi, amuna ndi azibale amene amayendetsa galimoto m'misewu yokhotakhota, kusenza mpando ndi madzi oundana mpaka ku Robinson Flat, n'kudikira pamenepo maola ambiri ngati odikira dokotala pa chipatala cha boma. Bwana wothamangayo akafika amakana chakudya chonse chimene anachiitanitsa yekha, n'kuwasiyira masokosi onyowa, ulendo! Ena amati uku n'kunyozedwa. Ine ndimati ndi mphatso, pakuti ndi angati padziko amene anagwirapo sokosi loyenda makilomita 48 m'mapiri?

Zonsezi anaziyambitsa ndi Gordy Ainsleigh, amene mu 1974 anathamanga wapansi pa mpikisano wa mahatchi wa Tevis Cup n'kufika m'maola 23 ndi mphindi 42. Ndimawamvera chisoni a mpikisano wa UTMB ku Chamonix, amene amaletseratu operekeza; sadziwa ulemerero umene akuwamana anthu awo.

Pomaliza peni peni, pa bwalo la sukulu ya Placer High ku Auburn, khamu limaombera m'manja wothamanga, pamene ngwazi yathu ikufunafuna pomwe pali galimoto kuti iyendetse, poti bwana miyendo yafa.

Tsono inu owerenga, mnzanu akadzakuimbirani mu Disembala n'kuyamba ndi kufunsa za ana, musadule foni. Vomerani, ndipo mabatire a tochi mugule nokha, chifukwa sadzakubwezerani.