Kodi nsomba imadya nthenga?

Akuluakulu, tandithandizani, ine mutu waima. Kuno ku Domasi ngakhale mwana amadziwa kuti ukafuna mlamba umakumba nyongolotsi, ukafuna matemba umatchera mono. Koma ukangokwera phiri la Zomba, mumtsinje wa Mulunguzi, akuti muli nsomba yotchedwa trout imene amaiwedza ndi nthenga ya tambala yomangirira pa mbedza ndi ulusi. Nsomba yanjala ingameze nthenga?

Odziwa akuti nthengayo amaimanga mofanana ndi tizilombo timene nsombayo imadya. Ati ukafika pamtsinje usafulumire kuponya. Yamba watembenuza mwala wa m'madzi, uone tizilombo tokakamira kunsi kwake, kukula kwake ndi maonekedwe ake, ndiye usankhe nthenga yofanana nato. M'mawa nsomba imakonda kudyera pansi, choncho nyambo ikhale yomira. Madzulo tizilombo tikayamba kuuluka pamwamba pa dziwe, umamanga yoyandama. Tsono nsombayi ndi yochenjera kapena yopusa? Ikane nthenga yakuda poti lero tizilombo tauluka totuwa, koma osaona kuti chotuwacho chili ndi mbedza kumimba?

Nanga chinthu chopepuka chotere amachiponya bwanji? Ati cholemera ndi chingwe. Msodzi amachikupiza kumbuyo ndi kutsogolo ngati mnyamata woweta ng'ombe akuliza chikwapu, mpaka chitambasuke, nthenga n'kutera pamadzi mwakachetechete. Ikatera, iyende yokha ndi madzi. Ukangoikoka pang'ono, nsomba yazindikira. Paja mitengo yam'mbali mwa mtsinje imakolanso mbedza. Kodi msodzi wotereyu amagwira zambiri ziti, nsomba kapena nthambi?

Chinanso, bwanji amayamikira nthawi imene mvula ikutha, mu Marichi ndi Epulo, ife tili kalikiliki kuwotcha mondokwa? Ati m'dzinja mtsinje umadzaza, madzi n'kuvunduka, nsomba siona nyambo. Mvula ikamaleka madzi amatsika, amayera, komanso amayamba kuzizira. Ziwala zimachuluka mu udzu, zina n'kumagwera m'madzi, ndiye nyambo yonga chiwala imagwira ntchito. Koma madzi akayera nsombayo imakuonanso iweyo. Imakhala itayang'ana kumene madzi akuchokera, kudikira chakudya, choncho umaidzera kumunsi, kumbuyo kwake, chowerama, utavala zosawala, chithunzithunzi chako chisagwere m'dziwe. Umaponya pamene madzi othamanga akulowa m'dziwe, pamzere wa thovu, kapena kuseri kwa mwala waukulu. Munthu wamkulu, wandevu zake, kukwawa chifukwa cha nsomba imodzi! Ameneyu ndi msodzi kapena mlenje?

Chimene chandimaliza ndi ichi: ena akaigwira amanyowetsa manja, amaichotsa mbedza bwinobwino, n'kuibwezera m'madzi. Ati kuti ikule, iswane, mawa adzaipezenso. Ndamva, koma madzulo akafika kunyumba, mayi a ana atatereka kale madzi a nsima, amanena kuti ndiwo zili kuti?

Ndinafunsanso kuti ngati ndi nsomba yapamwamba chomwechi, bwanji osaiweta m'maiwe a ku National Aquaculture Centre konkuno ku Domasi, momwe muli makumba ndi chilunguni? Ati singapirire. Kwawo ndi kumadzulo kwa North America, ndipo inabwera ndi Angerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Zomba ili likulu la Nyasaland. Poti imafuna madzi ozizira, anakaiika kumapiri kokha: pa Zomba, pa Mulanje, ndi ku Chelinda pa Nyika. Madzi akafunda kupitirira madigiri 20 imayamba kuvutika, poti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. Mazira ake imaikira m'timiyala toyera ta pansi pa mtsinje; matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Phiri la Zomba, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, limaipatsa kuzizirako, ndipo mitengo imaipatsa mthunzi.

Apa ndiye pandivutitsa zenizeni. Mitengo ija si yomwe timaiona ikutsika phiri tsiku ndi tsiku, ina matabwa, ina nkhuni pamutu, ina matumba a makala panjinga? Moto wolusa ukatentha phiri m'chilimwe, mvula yoyamba imakokolera phulusa ndi dothi kuti, ngati si mumtsinje? Damu la Mulunguzi ndilo limamwetsa mzinda wa Zomba. Mtsinje wathu wa Domasi umachokera kumapiri omwewo, pakati pa Zomba ndi Malosa, n'kudutsa m'minda ya mpunga mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Nsomba yachilendoyo ikatha, ambiri aife sitidzalira, sitinailawepo. Koma ngati ikhala yoyamba kugonja madzi akafunda ndi kuda, wachiwiri adzakhala ndani, matemba, mpunga, kapena ife akumunsife?