Korona Inapha Bodza la "Ndilibe Chenji"

Korona itafika ku Malawi mu April 2020, mphekesera inawanda yoti kachilombo kamagona pa ndalama. Agogo anga atamva, anatenga ma K1,000 awo onse asanu, kuwachapa ndi sopo, n'kuwayanika pachingwe limodzi ndi zitenje. Madzulo anapeza atatu okha. Anayang'ana adzukulu mmodzimmodzi, kenaka anati: "Matendawa ndi oopsadi. Ayamba kale kupha ndalama."

*

Malume anga a ku Manchester mliri unawalanda ufumu. Ku Britain munthu amangogunditsa khadi pamakina, osalemba PIN. Korona isanabwere, kugula kotero kunkalekeza pa mapaundi 30. Mu April 2020 anakweza kufika 45 kuti anthu asamagwiregwire mabatani, ndipo mu October 2021 anafikitsa pa 100.

Malumewo anasunga PIN yawo zaka khumi ngati chinsinsi cha kudambwe. Tsiku lina ali chigonere, foni inayamba kulira: 60 yapita, 85 yapita. Azakhali ali kushopu.

"Mphwanga," anandiimbira mawu akunjenjemera, "kale ndinkabisa nambala. Lero khadi ndikugona nayo m'sokosi."

*

Kuno kwathu, Reserve Bank of Malawi inagwirizana ndi mabanki komanso makampani a mafoni kuti atsitse mtengo wotumizirana ndalama, anthu achepetse kupatsirana makwacha pamanja. Amene anavutika ndi mnzanga wina wodziwika ndi ngongole. Nyimbo yake inali imodzi: "Achimwene, ndalama yanu ilipo, koma yotumizirayo ndi imene yavuta."

Mwini ndalama anamuimbira mosangalala: "Wamva pawailesi? Atsitsatu!"

Mnzangayo anakhala chete pang'ono. "Halo? Halo? Achimwene, netiweki!"

*

Mabanki nawo anayamba kufunsira ngati anyamata a pachitsime. Anaona kuti Airtel Money ndi Mpamba zili pakhonde lililonse, pansi pa ambulera, pamene kubanki ankalowetsa anthu ochepa, ena onse padzuwa atatalikirana. Banki ina imene inkandiimitsa pamzere kuyambira m'mawa mpaka nsima ya masana inayamba kundilembera mauthenga: "Okondedwa kasitomala, musavutike kubwera, tili m'foni mwanu." Ina inandiimbira n'kundipatsa moni wa banja lonse. Mu akaunti munali K2,300. Sindinakondedwepo chotero chibadwire.

*

M'sitolo ina ku Limbe, bambo wina anadzaza ngolo mpaka nkhuku kusuzumira kunja. Anapereka khadi ngati bwana. Makina anakana. Anaipukuta pamalaya, makina anakana. Anaipopera sanitaiza, makina anakanabe.

"Bambo," anatero mtsikana wapathilu mwaulemu, "khadiyi korona ilibe. Komanso ndalama ilibe."

*

Kutchalitchi kwathu kunali mkulu wina amene mbale ya chopereka ikamayandikira ankasisita matumba onse n'kunong'ona kuti, "Ndatsala ndi zikuluzikulu, chenji ndilibe." Nthawi ya mliri mbale inaleka kuyenda, ndipo abusa analemba nambala ya foni pakhoma ndi zilembo zoti ngakhale wa kubenchi yomaliza awerenge.

Mliri unatha, mbale inabwerera, koma nambala ija sinafufutidwe. Sabata yatha ndinakhala pafupi ndi mkulu uja. Mbale itafika anasisita matumba. Msungichuma analoza pakhoma. Mkuluyo anatulutsa foni, kuiyang'ana mwachisoni, n'kuusa moyo.

"Escom, abale. Yathima dzulo."

Asanamalize, foniyo inayamba kuitana.