Njira Yachidule Yolepherera Química

Mphwanga, mbiri yafika kuno kuti ku Mualadzi konse palibe amene amadana ndi Química kuposa iwe. Ndati ndikuthandize kuti mayeso akubwerawa ulephere mwadongosolo, osati mwangozi.

Tiyambe ndi funso limene aphunzitsi salephera kufunsa: Pb(NO3)2 + KI. Mchere uliwonse mwa iwiriyi ukasungunuka paokha, madzi amakhala mbee. Ukaiphatikiza, m'botolomo mumachitika chidyerano. Pb amasiya NO3 n'kutenga I, K n'kutola NO3 wosiyidwayo. Banja latsopano la PbI2 silisungunuka, limangotsika pansi lachikasu, ndipo ndilo aphunzitsi amalitcha precipitado. Tsono Pb ndi wamitala. Iye ali ndi 2+ pomwe I ali ndi 1- basi, choncho Pb amafuna ma I awiri. Anzako opusa amene akufuna kukhoza adzalemba Pb(NO3)2 + 2KI → PbI2 + 2KNO3, n'kuwerenga mbali zonse mpaka zifanane.

Iwe usadzivutitse. Kuika 2 kutsogolo kwa KI ndi ntchito yaulere. Ingofufuta kanambala kapansi kaja ulembe PbI, ndipo NO3 mmodzi akatsala, mutaye, palibe angamufunse. Aphunzitsi akayamba za Antoine Lavoisier, amene mu 1789 analemba kuti posakaniza zinthu palibe chimene chimatayika kapena kubadwa chatsopano, uwakumbutse kuti mkuluyo anadulidwa mutu ku Paris mu 1794. Kuti mlandu wake unali wa misonkho, zimenezo usatchule.

PbI2 ameneyu usamutaye ayi. Ukamutenthetsa m'madzi n'kumusiya kuti azizire, amatuluka tizidutswa tonyezimira, golide weniweni pomuona. M'boma lathu lino la Chifunde anthu akupindika misana m'maenje kufunafuna golide, iwe wako wapezeka m'kalasi. Manga pa kapepala, ukadikire ogula pa Cassacatiza. Kuti Pb ndi mtovu, poizoni wowononga ubongo, akazindikira okha. Ungosankha malo oti kothawira kukhale pafupi.

Akakufunsa kuti chatsika pansi n'chiyani, loza KNO3 molimba mtima. Mchere uliwonse wa NO3 umasungunuka, wa K ndi wa Na chimodzimodzi. Agogo ako, amene sanalowepo m'kalasi, amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amadandaula mvula yamphamvu ikagwa atangothira feteleza wa CAN, wokhala ndi NO3, mu fodya. Koma iwe ndiwe wophunzira, usamamvere za alimi.

Pali msampha wina. AgNO3 + NaCl → AgCl + NaNO3 ndi yolingana kale, ukangoikopera wakhoza. Chenjera! Mwaza manambala, apa 3, apo 5, kuti pepala lioneke kuti munthu anakhetsapo thukuta.

Funso lomaliza likakhala BaCl2 + Na2SO4, yankho lake ndi BaSO4 + 2NaCl, ndipo mwana wochenjera amalipeza msanga chifukwa amatenga SO4 ngati chinthu chimodzi chimene changosamuka chathunthu. Iwe muphwanye SO4 ameneyo. Werenga S payekha, O aliyense payekha, usokonezeke, ufufute, uyambirenso, ufunse chofufutira china kwa mnzako wakumbuyo. Woyang'anira mayeso akamadzati zolembera pansi, udzakhala uli pa O wachitatu.